Funsani Amisiri: khadi la RAID kapena ZFS pa seva yathu?

FUNSO: Ndimayang'anira makompyuta a bungwe lina losunga ndi kubwereketsa ndalama kuno ku Kamuzu Road, Salima. Tagula seva yakale, Dell PowerEdge R730. Ili ndi khadi la PERC H730, RAM ya 64 GB ndi madisiki anayi a 2 TB. Tikufuna kuikamo pulogalamu ya Proxmox kuti muziyenda ma VM (makompyuta ongoyerekeza okhala mkati mwa seva imodzi) atatu: ya maakaunti, ya mafayilo ndi ya Windows. Amene anatigulitsa akuti madisikiwo tiwamange ndi khadilo, mnzanga akuti ayi, ZFS. Magetsi kuno amazimazima. Ndimvere ndani?

YANKHO: Achimwene, onse awiri sanakunamizeni. Khadi, chomwe ndi chipangizo, ndi ZFS, yomwe ndi pulogalamu chabe, zimagwira ntchito imodzi yotchedwa RAID: kulemba zinthu zanu pa madisiki angapo kuti imodzi ikafa, ntchito isaime. Koma pa Proxmox, ndipo ku Salima, ife tikuti tengani ZFS.

Tiyambe ndi zabwino za khadilo, chifukwa si lachabe ayi. H730 ili ndi cache yakeyake (posungira zinthu mongoyembekezera) ya 1 GB ndi batire. VM ikalemba kanthu, khadi limalandira, n'kuyankha nthawi yomweyo kuti zatheka, kenako n'kumatsitsira pa madisiki pang'onopang'ono. Magetsi akathima pakati, batire limapereka mphamvu yokwanira kusunga zomwe zinatsala mu cache, ndipo seva ikayaka khadi limamalizitsa. Pa madisiki ozungulira ngati anuwo, liwiro limeneli limaoneka ndithu.

Vuto lili pa tsiku lomwe khadi lenilenilo lafa. Madisiki onse anayi angakhale amoyo, koma kuti muwerenge zomwe zili momwemo mufunika PERC ina yogwirizana nayo, muitsegule ndi kusankha Import Foreign Configuration. Khadi lotere si sopo woti mungamupeze pa shelefu. Mwina muyenda makilomita pafupifupi 100 kupita ku Lilongwe n'kukauzidwa kuti aliyitanitsa kunja, inu mamembala ali pa mzere kufuna ndalama zawo. Ndi ZFS, mumazula madisikiwo, n'kuwalumikiza ku kompyuta ina iliyonse ya Linux yokhala ndi ZFS ndi malo owalowetsa, mulembe zpool import, basi zonse zabwera.

Chachiwiri, ZFS imasunga checksum, nambala yotsimikizira kuti kanthu sikanasinthe, ya chidutswa chilichonse chomwe yalemba. Disiki ikayamba kubweza zolakwika mwakachetechete, osadandaula, ZFS imadziwa kuti kope labwino ndi liti, ndipo imakonza linzakelo. Khadi likaona kuti makope awiri asiyana, nthawi zambiri lilibe njira yodziwira woona.

Chomwe tikukupemphani ndi mtima wonse: musasanjikize ziwirizi. Ambiri amapanga RAID pa khadi n'kuikanso ZFS pamwamba, poganiza kuti atchinga kawiri. Pamenepo ZFS imangoona disiki imodzi yaikulu. Ikapeza cholakwika ilibe kope lina lokonzera. Kupanga disiki iliyonse kukhala RAID 0 payokha nakonso si njira. Eni Proxmox amanena poyera kuti ZFS izilankhula ndi madisiki mwachindunji.

Chitani chonchi. Seva ikamayaka dinani F2, pitani ku Device Settings, sankhani khadilo, fufutani ma virtual disk (magulu a madisiki omwe khadi linamanga) onse omwe alipo, musinthe khadi likhale pa HBA mode, kuti lizingopereka disiki iliyonse payokha kwa ZFS. Zonse zomwe zinali pa madisikiwo zipita, ndiye ngati muli kanthu kopani kaye. Ngati thumba lilola, gulani ma SSD awiri ang'onoang'ono muikepo Proxmox pa ZFS RAID1 (madisiki awiri osunga zinthu zofanana), madisiki anayiwo akhale a ma VM okhaokha. Amangeni awiriawiri, RAID10, ndipo posankha pena potchedwa ashift, pasiyeni pa 12.

Mudzaona kuti malo atsala 4 TB okha, pomwe RAIDZ1, njira ina ya ZFS yomanga madisiki onse anayi pagulu limodzi, ikanakupatsani 6 TB. Musakopeke. Pulogalamu ya maakaunti imalemba tizidutswa ting'onoting'ono tambirimbiri tsiku lonse, ndipo RAIDZ imachedwa pa ntchito yotere chifukwa kulemba kulikonse kumakhudza madisiki angapo. Komanso disiki ikafa pa RAID10, yatsopano imangokopera kwa mnzake mmodzi. Pa 4 TB imeneyo musadzaze kupitirira magawo 80 pa 100.

Za RAM musade nkhawa. Malangizo a Proxmox amati 2 GB, kuonjezerapo 1 GB pa TB iliyonse, ndiye inu mukufuna pafupifupi 6 GB. Kuyambira pa Proxmox 8.1, mukaika mwatsopano pa ZFS, ZFS imapatsidwa magawo 10 pa 100 a RAM, zomwe zikukwana kale.

Onaninso nambala za madisiki anuwo pa intaneti, mutsimikize kuti ndi a mtundu wa CMR osati wa SMR (mitundu iwiri ya kalembedwe ka madisiki ozungulira). A SMR amafooka akamalembedwa mosapuma, moti kukopera disiki yatsopano kumatha masiku, nthawi zina ZFS n'kuitaya ngati yakufa. Gulanitu yachisanu muisunge m'kabati. Ikani imelo yanu mu Proxmox kuti uthenga uzikupezani disiki ikadwala; popanda zimenezi imodzi imafa inu osadziwa, n'kudzazindikira yachiwiri itatsatira. Lolemba lililonse lembani zpool status, muone mawu akuti ONLINE pa disiki iliyonse, ndi ziro pansi pa READ, WRITE ndi CKSUM.

Pa nkhani ya magetsi, ZFS silemba pamwamba pa zakale, imalemba pena kenako n'kuloza kumeneko, ndiye kuthima kwadzidzidzi sikuiphwasula. Komabe Windows ya mkati mwa VM imatha kuvulala. Pezani UPS (batire lothandiza magetsi akathima) yokhala ndi chingwe cha USB, muike pulogalamu ya NUT kuti seva izidzizimitsa bwinobwino batire lisanathe. Ndipo wina akafufuta fayilo molakwitsa, kapena vairasi ikalowa, madisiki onse amatsanzira zomwezo nthawi yomweyo. Kopani ma VM usiku uliwonse pa disiki ina, ndipo kope limodzi lizigona kunja kwa ofesi.

FUNSO: Ndili ku Dwangwa, Nkhotakota. Ndapanga RAID 1 mu BIOS ya kompyuta wamba, koma VMware ESXi, pulogalamu yoyendetsera ma VM, ikuonabe madisiki awiri osiyana. Ndalakwitsa pati?

YANKHO: Simunalakwitse, achemwali. RAID ya mu BIOS ya makompyuta wamba, ngati Intel RST, imadalira dalaivala wa mu Windows kuti agwire ntchitoyo, ndipo ESXi sazindikira RAID yotere. ESXi alibenso ZFS kapena mdadm, pulogalamu ya RAID ya mu Linux. Pa seva imodzi, njira ndi khadi lenileni lomwe lili pa mndandanda wa zida zovomerezeka ndi VMware. Ngati ndalama ya khadi palibe, samukirani ku Proxmox, madisiki awiriwo muwamange ndi ZFS RAID1. Pakadali pano dziwani kuti ma VM anu ali pa disiki imodzi yokha.

FUNSO: Seva yathu ya HPE ku Senga Bay, ya khadi la Smart Array P440ar, yayamba kukwawa chiyambireni kutentha kwa Okutobala. Madisiki onse akuonetsa nyali zobiriwira.

YANKHO: Bambo, yambani mwakayikira batire la khadilo. Kutentha kwa m'mbali mwa nyanja kumakalambitsa msanga mabatire. Khadi likaona kuti batire lafooka, limasiya kugwiritsa ntchito cache polemba, n'kumadikira disiki imalize isanayankhe. Limatero dala pofuna kuteteza zinthu zanu, koma liwiro limagwa kwambiri. Lowani mu iLO, tsamba loyang'anirira seva za HPE, muone Smart Storage Battery. Ikalemba Failed, zimitsani seva, sinthani batirelo, ndipo lipatseni maola angapo litchaje cache isanabwerere. Pali posankha pomwe mungakakamize cache kugwira ntchito popanda batire; pamenepo musakhudze, chifukwa magetsi akangothima zomwe zinali mu cache zimatayika. Mukatsegula chivundikiro cha seva, pukutaninso fumbi la m'mafani, ndipo seva muichotse pakona, mpweya uzidutsa kutsogolo ndi kumbuyo.