Za tokhazikapo makapu, poti mwafunsa

Achemwali, mwafunsa kuti geni ya tokhazikapo makapu, tija amati coaster (osati kosita yokwera popita ku Limbe), mungaiyambe bwanji kuno ku Zomba n'kumakagulitsa kunja. Ndikuuzani, ngakhale ena mukangodziwa mumayamba kutigwetsera mitengo.

Gulani pulayiwudi ya mamilimita 4 kapena 6. Shiti imodzi, ya masentimita 244 kwa 122, imatulutsa tidutswa pafupifupi 250 ta masentimita 10 mbali zonse, sowo itadyako gawo lake. Hardboard, thabwa lija la utuchi wopanikiza, musayerekeze. Imamwa chinyezi, ndipo chifunga cha kuno cha mu June chikangoikhudza imafufuma m'mphepete ngati chitumbuwa.

Chitenje chikhale cha thonje, ndipo muchichape kaye, chiume, muchisite. Chosachapa chimasuluka mukachipaka guluu, chofiira n'kulowerera poyera. Dulani masentimita 12 kuti mupindire kunsi. Cha mamita awiri chimapereka tidutswa ngati 140, koma mukamalondola maluwa kuti akhale pakati muziwerengera 100. Guluu ndi woyera uja wa akalipentala, masipuni atatu pa sipuni imodzi ya madzi. Pakani pathabwa, osati pansalu, n'kusalaza ndi khadi yakale kuchokera pakati kuti mpweya utuluke. Likauma pakaninso guluu pamwamba, mudikire tsiku lathunthu, apo ayi vanishi adetsa nsalu ngati yadonthera mafuta. Vanishiyo katatu, kamodzi patsiku. Kunsi matani kansalu kokhuthala kuti kasakande tebulo la munthu.

Tsono apa ndi pamene mpamba umathera. Vanishi amauma kukhudza tsiku lomwelo, koma kuti akhwime amafuna masabata awiri, nyengo yamvula atatu. Wa oda ku Joni akukuimbirani, inu mwalongedza pa tsiku lachinayi, mwalekanitsa ndi nyuzi poti ndi yaulere. Katoni yalowa kunsi kwa basi, yadutsa Mwanza, yaphikika ndi dzuwa la ku Tete, yagonanso pamzere ku Beitbridge. Potsegula mupeza zonse zamatana ngati njerwa imodzi, zilembo za nyuzi zitadindika pamaluwa. Mukakakamiza, nsalu imatsalira pa kanzake. Wogula sakuyankhanso foni, ngongole ikukudikirani kunyumba. Amene zidatiwotchapo timayesa kaye: kapu ya tiyi wotentha ikhalepo mphindi khumi, ikanyamuka yosakakamira ndiye zapsa. Polekanitsa, pepala lophikira makeke basi.

A pachipata nawo! Aona thabwa, akuti ndi ziboliboli, mutipatse chikalata cha zankhalango, kwinaku maso ali pachikwama chanu. Katoni amaing'amba ndi mpeni osasamala kuti pansi pake pali chiyani, choncho pamwamba ikani chikatoni china chokhuthala. Papepala la katundu lembani momveka kuti ndi pulayiwudi ndi nsalu, chiwerengero ndi mtengo, musungenso lisiti la kuhadiweya. Mukalipira chilichonse, lisiti m'manja musanasunthe. Za mkungudza wa ku Mulanje musazikhudze n'komwe, ndi wotetezedwa, akulandani ndi katundu wosalakwa yemwe.

Mangani zisanu n'chimodzi ndi chingwe cha khonje, osagulitsa kamodzikamodzi. Ndipo musanalote za pasipoti, kwerani nazo kaye ku Chawe, paphiri la Zomba, Loweruka mukaone ngati alendo akuzitola. Zanga sizibwerako.