Nyumba zakale za ku Zomba: n'zathu kapena n'za atsamunda?

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina, mphunzitsi wa ku Kasungu. Akufuna kubwera ndi ana asukulu kuno ku Zomba, koma aphunzitsi anzawo akuti kumeneko n'kutaya ndalama, kukaonera nyumba za atsamunda. Ndiye akufunsa kuti, kodi kuli choona? Nanga nyumbazo n'zathu?

Mayi, bwerani nawoni anawo.

Mudzayambire ku Masongola, kumunsi kwa phiri. Nyumba imeneyi anaimanga John Buchanan mu 1886 kuti muzikhala kazembe wa Britain, ndipo Harry Johnston, mtsogoleri woyamba wa boma la atsamunda, anadzakhalamonso Zomba itakhala likulu mu 1891. Dzinalo likuchokera ku nsanja zake za madenga osongoka. Koma anawo asangoyang'ana kumwamba. Muwauze agwire khoma, aone kukhuthala kwake, aime pakhonde amve kuzizira. Kuno mvula imagwa yosaseweretsa, ndiye nyumba zakale zambiri amazipatsa khonde lalikulu ndi maziko okwera kuti madzi ndi chinyezi zisafike pakhoma. Kenako muwafunse: anaponda dothi ndani? Anaumba njerwa, kuziwotcha, kuzisenza pamutu chitunda chonsecho ndani? Mapulani anali a mzungu, inde, koma thukuta linali la agogo athu, amene mayina awo sanalembedwe pakhoma lililonse. Ine pamenepo ndi pomwe ndimaimira. Tikazisiya kuti zigwe, chomwe chikugwa ndi ntchito ya manja awo.

Mukatero mupite ku chipilala cha asilikali a KAR (King's African Rifles, gulu la nkhondo la nthawi ya atsamunda), pafupi ndi Cobbe Barracks, pamsewu wa ku Blantyre. Chimakumbutsa za asilikali amene anafa pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ija akuluakulu ankaitcha ya Chiwaya. Apa anawo awerenge mayina mokweza, amva okha kuti ndi akwathu.

Nyumba ya Malamulo yakale musaidumphe. Likulu linasamukira ku Lilongwe mu 1975, koma aphungu anapitiriza kukumana kuno mpaka 1994. Mkangano wa nduna ndi Kamuzu Banda mu September 1964 unakambidwa kunonso, a Chipembere ndi a Chiume akulankhula m'nyumbayo. Kodi imeneyo tingaitchebe mbiri ya atsamunda?

Chimene chimandiwawa ndi kasamalidwe. Lamulo loteteza malo akale lilipo, koma lamulo silikhoma malata. Nyumba zina za boma kumtunda kuno zikudontha, mitengo ya denga yadyedwa ndi chiswe, ndipo okonza akabwera amangomata simenti paliponse. Moto nawo tiziuopa: mu 1919 unapsereza maofesi a boma kuno, makalata ambiri akale n'kupita nawo.

Ku State House ndi kwa asilikali musajambule zithunzi musanapemphe. Nkhomaliro mukadyere ku Botanical Gardens, m'mbali mwa Mulunguzi. Ngati mukubwera mu June kapena July, mwana aliyense atenge juzi.