Kodi mankhwala a khunyu amatopa? Yankho kwa mayi wa ku Mabvuku

Mayi wina wa ku Mabvuku mu Harare wanditumizira imelo, ndipo mwachidule akuti: "Mwana wanga wamwamuna anayamba kudwala khunyu ali ndi zaka 9. Kuchipatala anamupatsa carbamazepine ndipo anatha zaka zitatu ali bwinobwino. Pano ali ndi zaka 13, matenda ayambiranso, komanso asintha. Kale ankangoti duu, maso ali tong'o, pakamwa akutafuna. Tsopano akumagwa pansi thupi lonse likuphupha. Apongozi akuti mankhwala atopa, timusiyitse tipite naye kwa asing'anga. Kodi amathadi mphamvu?"

Pepani mayi ndi zimenezi. Chonde musamusiyitse, ngakhale tsiku limodzi. Munthu akasiya mankhwalawa mwadzidzidzi amatha kugwa mosalekeza, osatsitsimuka, ndipo ena amafa nazo.

Apongozi anu sanaphonye kwenikweni, chifukwa alipodi mankhwala ena, monga clobazam ndi clonazepam, omwe thupi limawazolowera pakapita nthawi. Koma kwa mnyamata wanuyu ine ndikuganizira zina. Mlingo wa mwana amawerengera ndi kulemera kwake. Nsapato yomwe munamugulira ali giredi 4 singamukwane ali fomu 1, ndipo mapiritsi nawo ndi chimodzimodzi. Ngati akumwabe mlingo womwe anayambira pomwe thupi lakula, ndiye kuti mankhwala akuchepa m'magazi. Kodi anamuyeza liti pa sikelo? Kuchipatala amathanso kuyeza magazi kuti aone kuchuluka kwa carbamazepine m'thupi.

Kusintha kwa kagwedwe nako kuli ndi chifukwa. Kuti duu kuja kumachitika pamene chisokonezo chili mbali imodzi ya ubongo. Chikafalikira mbali zonse ziwiri, ndi pomwe munthu amagwa n'kumaphupha. Nthawi zambiri matenda amakhala omwe aja, kungoti chowatchinga chachepa. Komabe muziyang'anitsitsa m'mawa akangodzuka. Ngati manja amamudzidzimuka mpaka kutaya kapu ya tiyi, kauzeni adokotala, chifukwa pali mtundu wina wa khunyu womwe umayamba pa msinkhu umenewu, ndipo carbamazepine amaukulitsa m'malo mouchepetsa.

Ndiye pali nkhani yomwe makolo sitikonda kuimva. Mwana wa zaka 13 amachita manyazi. Ena amaponya piritsi kuseri kwa bedi kuopa kusinza m'kalasi kapena kusekedwa ndi anzawo. Osamukalipira, ingowerengani mapiritsi otsala m'botolo muone ngati akugwirizana ndi masiku. Mufunseninso za tulo. Kuchezera pa foni mpaka pakati pa usiku kumadzutsa khunyu, monganso kutentha thupi, kusanza ndi kutsegula m'mimba. Ndipo nonsenu a mu Harare mukudziwa kuti mwezi wina mankhwala amasowa, munthu n'kumadula piritsi pakati kuti lifike kumapeto kwa mwezi, kapena kugula a kampani ina ku famase. Pa mankhwala a khunyu monga carbamazepine, phenytoin ndi phenobarbital ndi bwino kumamwa a kampani imodzimodzi ngati zingatheke.

Akuluakulu omwe mukuwerenga, mankhwala amalimbananso okhaokha. Rifampicin wa TB amachepetsa mphamvu ya mankhwala ena a khunyu. Carbamazepine amafooketsa dolutegravir wa mu ma ARV, komanso mapiritsi olerera ndi zolerera za pamkono monga Jadelle. Sodium valproate, yemwenso ndi mankhwala a khunyu, ndi woopsa kwa mwana wa m'mimba, choncho mayi wofuna pakati akambirane kaye ndi adokotala.

Bungwe la WHO limati anthu pafupifupi 50 miliyoni ali ndi khunyu pa dziko lonse, ndipo mpaka 70 pa 100 alionse angathe kukhala osagwa atalandira mankhwala oyenera. Otsalawo ndi omwe matenda awo amakana mankhwala, koma madokotala satchula zimenezo asanayese mitundu iwiri yoyenera pa mlingo wokwanira. Wanuyu wangoyesa umodzi, ndipo unamugwira zaka zitatu.

Gulani kope. Akagwa lembani tsiku, nthawi, mphindi zomwe watenga, ndi momwe anagonera usiku wake. Wina akakhala pafupi ajambule pa foni, chifukwa adokotala akaona okha amamvetsa kuposa kuwafotokozera. Kopelo ndi botolo la mankhwala mupite nazo ku kiliniki yanu, ndipo ngati zikupitirira pemphani kalata yopita ku chipatala cha Parirenyatwa kapena ku Sally Mugabe Central Hospital. A Epilepsy Support Foundation mu Harare momwemu amalangizanso mabanja.

Podikira tsikulo, asapite yekha kukatunga madzi pachitsime, asakhale pafupi ndi moto kapena mbaula, ndipo posamba asakhome chitseko. Akagwa mugonekeni cham'mbali, osamupana, osamuika supuni kapena chala m'kamwa. Auzeni apongozi kuti thovu lake silipatsira munthu matenda, amugwire mopanda mantha. Zikapitirira mphindi 5, kapena akagwanso asanatsitsimuke, thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo.