Amene ali pamwamba pa maboma athu, timawachotsa bwanji?

Wina wanditumizira imelo sabata ino, funso lake mwachidule ndi lakuti: mabungwe a mayiko ngati European Union (EU), African Union ndi SADC amamanga mfundo zokhudza moyo wathu, nanga munthu wamba ali ndi mawu pamenepo kapena angosiya kudzivutitsa? Achimwene, mwandikhudza penipeni.

Nthawi ina ndinkathandiza nawo pa maphunziro a zisankho, tili mu holo ine ndikujambula mabokosi pa bolodi, apa khonsolo, apa nyumba ya malamulo, ndiye pamwamba penipeni ndinaika bokosi la mabungwe a mayiko. Panali mayi wina wachikulire amene anakhala chete m'mawa wonse, cholembera chili m'manja koma osalemba kanthu, kenako anangokweza dzanja nkufunsa kuti, "Ali m'bokosi la pamwambalo akatikhumudwitsa timawachotsa bwanji?" Ine nkuyamba kufotokoza kuti inu mumasankha pulezidenti ndi aphungu, pulezidenti ndi amene amapita ku misonkhano ya atsogoleri, aphungu ena amatumizidwa ndi anzawo, ndiye mawu anu amafika kudzera mwa iwowo. Mayi aja anandilola kumaliza bwinobwino nkungoti, "Ndiye kuti sitiwachotsa." Anthu anaseka, iwo sanaseke. Ndipo mpaka pano sindinapeze munthu wondiyankha bwino kuposa mmene anadziyankhira okha.

Tiyambe ndi a ku Ulaya poti ndi amene anapita patali. Kuyambira 1979 anthu amavotera okha aphungu a European Parliament, nyumba ya malamulo ya EU, pano alipo 720. Zabwino ndithu. Koma nyumba imeneyo siyingayambitse yokha lamulo, mphamvu imeneyo ili ndi European Commission, nthambi yoyendetsa ntchito za EU, ndipo makomishonawo palibe nzika imene imawavotera pa balotipepala. Mu 2019 zipani zinauza ovota kuti amene chipani chake chipambane ndiye atsogolere Commission, chipani chomwe kandideti wake anali Manfred Weber chinapeza mipando yambiri, koma atsogoleri a mayiko atakhala pansi anatulutsa dzina la Ursula von der Leyen yemwe sanali pa mpikisanowo nkomwe. Malamulo sanaphwanyidwe ayi, koma inu mutakhala wovota mungamve bwanji? Nzosadabwitsa kuti mu 1979 anavota pafupifupi 62 pa 100 alionse, pofika 2014 anatsikira pa 43, ngakhale mu 2019 ndi 2024 anakweranso kufika cha m'ma 51.

Ndipo pali khalidwe lina limandiwawa, la kufunsanso munthu mpaka avomere. Denmark inakana pangano la EU la Maastricht pa riferendamu mu 1992, inavotanso 1993. Ireland inakana la Nice mu 2001 nkuvotanso 2002, inakana la Lisbon mu 2008 nkuvotanso 2009. Inde pakati pake ankasintha zina ndi zina kuti awasangalatse, zimenezo sindikana, koma bwanji akavomera palibe amene amati tiyeni tifunsenso mwina mwasintha maganizo? France ndi Netherlands anakana malamulo aakulu a EU mu 2005, zambiri za m'menemo zinabwereranso mu pangano la Lisbon, iwowo osafunsidwanso pa riferendamu.

Koma nditanena zonsezi, a ku Ulaya ali ndi pogwira. Pan-African Parliament, nyumba ya malamulo ya African Union yomwe ili ku Midrand ku South Africa, inayamba mu 2004, dziko lililonse limatumiza aphungu 5 osankhidwa ndi nyumba ya malamulo ya kwawo, ndipo ntchito yake ndi kulangiza basi. Pangano la ku Malabo la 2014 lomwe limayenera kuipatsa mphamvu zambiri silinayambebe kugwira ntchito poti mayiko ovomereza sanakwane. Ndiye nkhani ya khoti la SADC la ku Windhoek imandipweteka kwambiri, chifukwa apo ndi pomwe munthu wamba ankatha kusumira boma lake. Mu 2008 linagamula mokomera alimi omwe analandidwa minda ku Zimbabwe, boma linakana kumvera, ndipo mu 2010 atsogoleri anangoliimitsa khotilo, kenako mu 2014 nkusainirana kuti lidzingomva milandu ya pakati pa maboma okhaokha. Kaya nkhani ya mindayo mumaiona bwanji, khomo linatsekedwa kwa aliyense, ndipo palibe nzika inafunsidwa. Kwa ine bungwe lomwe atsogoleri angatseke khoti lake likawaweruza ndi kalabu ya mapulezidenti, lisamadzitchule kuti ndi la anthu.

Nanga inu mutani

Musasiye. Nkhani ya khoti ija maloya a ku South Africa anaitengera ku makhoti a kwawo, ndipo mu 2018 Constitutional Court inati pulezidenti Zuma analakwira malamulo potenga nawo mbali poimitsa khoti la SADC lija. Ndiye kankhirani kwanu komweko, pomwe voti yanu imaluma. Fufuzani mayina a aphungu omwe dziko lanu linatumiza ku Pan-African Parliament, muwalembere, ndipo nthawi ya kampeni funsani kandideti poyera ngati adzavomereze mapangano ngati la ku Malabo lija. Ngati muli nzika ya dziko la EU kavoteni, komanso sainani nawo European Citizens' Initiative, ma siginecha 1 miliyoni ochokera m'mayiko osachepera 7 amakakamiza Commission kuyankha, ngakhale sikakamizidwa kupanga lamulo.