2021 ku Holland, ine ndinagona pa sofa ya eni

Achemwali mwapeza malo a sukulu ku Holland zikomo kwambiri, koma enawa akungokuuzani za maluwa ndi njinga, ine ndinali komweko chaka cha 2021 ndipo mpaka lero ndikachikumbuka mtima umachita kuwira.

Chaka chija chinayamba ndi kugwa kwa boma. Pa 15 January nduna zonse za Mark Rutte, nduna yaikulu ya dzikolo nthawi imeneyo, zinatula pansi udindo chifukwa cha nkhani ija amati toeslagenaffaire, makolo masauzande ananamiziridwa kuti aba ndalama zothandizira kulipira kosungira ana, anawalamula kubweza zonse mpaka ena mabanja kutha, ndipo ambiri anali anthu obwera ngati ifeyo. Mkuluyo anangopalasa njinga kukauza mfumu basi. Ine kuonera pa TV ndinati eeh dziko la chilungamo ndi ili, osadziwa kuti changa chikubwera.

Pa 23 January anaika curfew, iwo amati avondklok, ikakwana 9 koloko usiku aliyense mnyumba mpaka 4:30 mmawa, akakupeza panja chindapusa 95 euro. Anyamata anayamba zipolowe, ku Urk anaotcha malo oyezera covid, ku Eindhoven kuswa mashopu, kenako zinafika kwathu ku Rotterdam. Nthawi imeneyo ndinkachita lendi kachipinda ka 450 euro pa mwezi, dipoziti ndinapereka ya miyezi iwiri pamanja popanda lisiti, uchitsiru wanga umenewo ndikuvomera. Landilodi ankakana kuti ndilembetse adiresi yake ku gemeente (khonsolo ya mzinda), ati mawa mawa, chonsecho mapepala anga okhalira mdzikomo amafuna adiresi. Ndinatopa ndinakalembetsa ndekha. Kalata itafika pakhomo ndi dzina langa bamboyo anasiya kundiyankha moni.

Ndiye Lamulungu pa 7 February kunagwa snow yoopsa, chenjezo lalikulu la nyengo lija amati code red dziko lonse, sitima zonse zinaima. Ine kamwana ka ku Zomba sindinaionepo chibadwire, ndinatuluka wapansi kupita kwa mnzanga kukajambulitsa zithunzi zotumiza kumudzi. Kubwerera cha mma 8:20 kiyi sakulowa. Ndinayesa kanayi ndikuganiza kuti mwina loko wauma ndi kuzizira, kuyang'ana pansi pa masitepe ndikuona majumbo akuda atatu, zovala zanga, mabuku, ka mpoto kanga kophikira nsima ndi ufa womwe ndinausunga ngati golide utakhuthukira mu nsapato. Munthuyo anasintha loko tsiku limene ngakhale galu sungamutulutse panja. Ndinagogoda mpaka zala zinasiya kumva, nyali ikuyaka mkatimo, TV ikumveka, iye zii. Foni inatsala ndi 6%, njinga yakwiririka, sitima kulibe, kubwerera kwa mnzanga ndi ola lathunthu wapansi ndiye kuti curfew indipeza panjira, ndipo 95 euro imeneyo ndinalibe. Ndinakhala pa jumbo nkuyamba kulira ngati mwana, mamina akuumira pamlomo, sindikunama.

Anandipulumutsa ndi mayi ena achikulire a ku Suriname okhala khomo loyandikana. Anatsegula windo kundifunsa chavuta nchiyani, kenako anatsika ndi patapata mu snow momwemo nkunyamula jumbo limodzi. Anandipatsa mpunga wa nkhuku, nkumuimbira landilodi uja kumutukwana mchi Dutch mphindi khumi osapuma, sindinamve mawu ambiri koma ndinakhuta nawo. Ndinagona pa sofa yawo masabata awiri. Sabata imeneyo anthu akusewera pa madzi oundana mmakanalo akusangalala, ine ndikusaka chipinda.

Bambo amene uja Mulungu amuone. Munthu wamkulu ndi imvi zake kudyera ana asukulu obwera chifukwa akudziwa kuti timaopa chilichonse chokhudza mapepala. Mu June anapachika mbendera za orange nyumba yonse chifukwa cha mpikisano wa mpira wa Euro, ndiye pa 27 June Czech Republic itawathira 2-0 ku Budapest, De Ligt atapatsidwa red chifukwa chogwira mpira ndi dzanja, ine ndinavina, pepani ma fans a Oranje, timu ya Holland, nkhani sinali ya inu. Kochi wawo Frank de Boer ntchito inathera pomwepo kunabwera Van Gaal.

Zina zonse ndinkangozionera patali. Rutte yemwe uja anawinanso chisankho mu March, nkutha miyezi pafupifupi 10 akukambirana zopanga boma mpaka January 2022. July mtolankhani Peter R. de Vries anaomberedwa pakati pa Amsterdam, madzi anasefukira ku Limburg. Amene anandilimbitsa mtima ndi Sifan Hassan, mtsikana wobadwira ku Ethiopia amene anafika kumeneko ngati othawa kwawo, ku ma Olympics a ku Tokyo anagwa pa mpikisano wothamanga wa 1500m nkudzuka nkuwapitirira onse, anabwerako ndi golide muwiri. Pa 12 December Max Verstappen, wa ku Holland wa mpikisano wa magalimoto wa Formula 1, atamudutsa Hamilton pa lap yomaliza ku Abu Dhabi msewu wathu wonse unali phokoso, patangotha sabata lockdown ina.

Ndiye achemwali musatumize ndalama ya chipinda musanachione ndi maso, komanso zipinda kumeneko zimatha ngati mandasi otentha ndiye mukachipeza lipirani tsiku lomwelo musachedwe ndi mafunso ambiri. Funso limodzi lokha, inschrijving, kulembetsa adiresi ku gemeente kuja, ikutheka? Akati ayi thawani. Malamulo awo ndi abwino, landilodi saloledwa kukutulutsani popanda khoti ndipo ku ofesi ya zamalamulo yotchedwa Juridisch Loket amalangiza ulere, pitani mukalimbane naye musaope. Ngakhale ine sindinapiteko, ndinkaopa, ndipo kunena zoona ndikanangokhala chete osalembetsa bwenzi ndili pofunda usiku umene uja. 900 euro yanga ikadali kwa bambo amene aja mpaka lero. Magolovesi mukagule konko, a kuno sathandiza.