Bawuti yathyokera m'injini? Extractor musagule kaye

Bambo wina wa ku Area 25 ku Lilongwe wafunsa kuti: "Ndili ndi Probox ya injini ya 1NZ imene ndimanyamulira katundu wa kushopu. Oyilo anayamba kudontha m'mbali mwa tapeti kava, chivundikiro cha pamwamba pa injini, ndiye Loweruka ndinagula gasketi n'kuyamba kusintha ndekha pakhomo. Pomanga ndinkafuna zilimbe kuti zisadonthenso, koma bawuti imodzi ya sipanala 10 inangoti thyo, mutu n'kutsalira m'soketi. Mnzanga akuti ndikagule extractor, kachitsulo kozulira mabawuti othyoka, ku Malangalanga kuti tiboole. Ndiyambire pati? Galimotoyi ndi imene imadyetsa ana."

Pepani bambo, koma mtima m'malo. Mwa mabawuti othyoka amene amafika kugalaja, yanuyi ili m'gulu la zosavuta, bola dirilo isanafikepo.

Mwanena kuti inathyoka pomanga, osati pomasula, ndipo kwa makaniko kusiyana kwake n'kwakukulu. Bawuti imagwira chifukwa chokokeka. Mutu umakanikiza chivundikiro, mazinga amakokera pansi, thupi lake n'kutamuka pang'ono kwambiri ngati legeni. Mutu ukangochoka, kukokako kwatha. Kachidutswa kamene katsala m'katimo sikakugwiridwa ndi kanthu, kangokhala phee m'mazinga. Komanso pamalo amenewo pamanyowa oyilo chaka chonse, moti dzimbiri silipezapo malo.

Chotsani kaye tapeti kava yonseyo. Kawirikawiri ikachoka mumapeza kansonga ka bawutiyo katatulukira pang'ono. Musanagwire chilichonse, phimbani ma camshaft ndi tcheni ndi nsalu yoyera yosathothoka ulusi, chifukwa kanyenyeswa ka chitsulo kakagwera m'menemo kamayenda ndi oyilo mpaka m'mabering'i. Kansongako kakaoneka, kagwireni ndi vice grip n'kupotokola. Ngati kafupika, chekani kamzere pamwamba pake ndi lumo la sowo, mumasule ndi sikuludiraiva yafulati. Ngati kathyokera mofanana ndi hedi, mutu wa injini pamene pamakhala kavayo, kapena kalowa m'kati pang'ono, tengani panchi yakuthwa, ngakhale msomali wa konkire umathandiza, muyiike m'mphepete mwa kachidutswako mopendeka, muzigogoda pang'onopang'ono ndi kahamala kuti kazizungulira mbali yomasulira. Pothyoka sipakhala posalala, pamatsala kadzino, ndipo panchi imagwira pomwepo. Ine zambiri za mtundu uwu ndazitulutsa chonchi tiyi asanazizire.

Tsono chimene chinathyola. Bawuti ya sipanala 10 pa galimoto za ku Japan ndi M6, thupi lake mamilimita 6 okha, ndipo za patapeti kava ya 1NZ zimamangidwa pa 10 Nm (Nm ndi muyeso wa mphamvu yomangira bawuti). Pa sipanala yotalika masentimita 20, mphamvu imeneyo ndi ngati kukoleka mapaketi asanu a shuga a kilo imodzi kumapeto kwake. Basi. Munthu amene amanyamula matumba a chimanga akagwira ratchet yaitali ndi manja awiri amapyola pamenepo osamva n'komwe. Ndipo kumanga kwambiri sikuletsa kudontha. Gasketiyo ndi ya labala, ikakanikizika mokwana yatseka, mukapitiriza mukungoifinya. Kumene oyilo amakonda kuthawira pa injini imeneyi ndi malo awiri pamene chivundikiro cha tcheni chakumana ndi hedi. Pamenepo pamafunika kadontho ka silikoni musanaike gasketi.

Panchi ikakanika ndiye tingakambe zoboola, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amaonongera hedi. Hedi ya 1NZ ndi ya aluminiyamu, yofewa kwambiri poyerekeza ndi chitsulo cha bawuti. Biti ya dirilo ili ngati madzi, imakonda kofewa. Ikangoterereka pa bawuti imalowa m'mbali n'kudya mazinga a hedi, inu mukuganiza kuti ntchito ikuyenda. N'chifukwa chake ntchito yeniyeni ndi kudinda pakati penipeni ndi panchi. Sazalitsani pamwamba pake ndi tupa ngati pakufikika, dindani pang'ono, yang'anani ndi tochi, mukaona kuti mwaphonya konzani, kenako mudinde mwamphamvu. Yambani ndi biti ya mamilimita 3, dirilo iziyenda pang'onopang'ono, itaima chilili. Pakani girizi pa biti kuti nyenyeswa zizikakamira. Yezani kuya kwa bowo lina loyandikana nalo, mumate tepi pa biti kuti musapyole, poti pansi pa mabowo amenewa sipakhala chitsulo chochuluka.

Mukapeza biti zakumanzere, zimene zimadula dirilo ikuzungulira chobwerera, gulani zimenezo m'malo mwa extractor. Zikamaboola zimakhala zikumasulanso, moti nthawi zambiri kachidutswako kamatuluka kokha katakakamira pa biti musanafike patali. Zikapanda kupezeka, kulitsani bowolo mpaka mamilimita 5. Pa M6 yooledwa pakati bwino, chimene chimatsala ndi timazinga tokha ngati kawaya, timene mumatokosola ndi singano yolimba, kenako n'kupititsamo tapu ya M6 x 1.0, kachitsulo kodulira mazinga, kuyeretsa. Mazinga a hedi akaonongeka si mapeto a dziko, pali Helicoil, kawaya kopota kamene amaika m'bowo lokulitsidwa pang'ono kuti bawuti ya saizi yomweyo igwirenso. Guluu wa zitsulo kapena kukakamiza bawuti yokulirapo, izo ayi.

Za extractor ndinene mosabisa: sindiikonda, makamaka pa bawuti zazing'ono. Ndi kachitsulo kolimbitsidwa kwambiri, ndipo chitsulo chikalimba chotero sichipindika, chimangothyoka ngati galasi. Kapangidwe kake n'kosongoka, ndiye mukamakakhomera kamatukumula bawutiyo kuti ikanirire kwambiri m'mazinga. Pa bawuti yomasuka kale imagwira ntchito, koma yomasuka kaleyo panchi ikanaitulutsa. Pa yadzimbiri imathyokera m'kati, ndipo ikatero biti wamba imangolira pamwamba pake mpaka kupsa. Pamenepo ntchito ya mphindi makumi awiri yasanduka yochotsa hedi n'kupita nayo kwa a engineering, kaya ku Kanengo kaya ku Biwi, kuti akaiboole ndi biti ya carbide pa makina.

Pokagula bawuti ina, tengani inzake ya pakava pomwepo ngati chitsanzo. Kutalika kufanane ndendende. Yaitali imagunda pansi pa bowo isanakanikize kava, inu n'kumaonjezera mphamvu, kenako thyo kachiwiri. Pukutaninso oyilo m'mabowo onse musanamange. Ndipo pezani ya pagalimoto kapena yolembedwa 8.8 pamutu, chizindikiro cha kulimba kwake, osati zopanda chizindikiro zimene amamangira mageti ndi mabedi.

Mnyamata wina wa ku Kawale walemba kuti: "Vitz ya mayi anga imaphokosa pansi. Ndimamasula paipi ya ekizozi kuti ndisinthe gasketi, koma bawuti imodzi yathyoka, ina ikukana. Zonse zachita dzimbiri lofiira. Ndathira WD-40 koma palibe chikusintha."

Achimwene, yanuyi ndiye yovutayo. Yathyoka pomasula, kutanthauza kuti dzimbiri lagwira mwamphamvu kuposa thupi la bawutiyo. Mutu wonse ndi sipanala zalephera, ndiye kachitsulo kochepa ngati extractor kangathe bwanji? Ekizozi imatentha n'kuzizira tsiku lililonse, dzinja likafika imasamba matope a m'misewu yathu, ndipo galimoto zina zimachoka ku Japan zitadya kale mchere umene amathira m'misewu ya kumadera achipale.

Yambani ndi imene sinathyokeyo. Palani dzimbiri ndi burashi yawaya, thirani mafuta omasulira, gogodani pamutu ndi hamala, musiye usiku wonse. Kuthira n'kupotokola nthawi yomweyo n'kutaya mafuta. Mawa lake gwirani ndi soketi ya makona asanu ndi limodzi, osati sipanala yotsegula kukamwa, ndipo muyambe ngati mukumanga pang'ono, kenako kumasula, kumanga, kumasula. Ikamalira kuti kwii ikuyenda. Ikayamba kufewa mwakachetechete ngati mukupotokola nzimbe, imani, ikufuna kuthyoka. Anzathu ena amathira brake fluid. Amalowerera ndithu, koma akadonthera pa penti amaisupula.

Yothyokayo, yang'anani kaye kuseri kwake. Ngati bowo lapyola mbali inayo, monga zimakhalira pa mafulanji ambiri, pamene mapaipi amalumikizana, musadzivute ndi mazinga: boolani mpaka kuseri, muike bawuti yatsopano ndi nati. Ngati yalowa m'bowo losapyola, mankhwala ake ndi wowotcherera. Amaika washa pamwamba pa kachidutswako n'kuwotcherera pakati, kenako nati yokulirapo pamwamba pa washayo, n'kudzaza m'kati mwake. Phindu lake n'lapawiri: mwapeza mutu watsopano wogwira ndi sipanala, komanso moto uja watukumula bawutiyo, ndipo ikamazizira imabwerera n'kuswa dzimbiri. Dikirani kufiira kuthe musanapotokole. Natiyo ikathothoka musakhumudwe, wotchereraninso ina. Ulendo uliwonse moto ukugwira ntchito. Njira imeneyi imathandizanso bawuti ikathyokera mu aluminiyamu, poti ndodo yowotcherera chitsulo sigwira pa aluminiyamu.

Owotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo ali ponseponse m'Kawale, koma si onse anazolowera galimoto, ndiye inu mukhale maso. Chotsani waya wa negetivu pa batire. Kilampu ya earth igwire pafupi penipeni ndi pamene akuwotcherera, kuti magetsi asayende m'mawaya ndi m'kompyuta ya galimoto. Pukutani mafuta omasulira aja chifukwa amayaka, onani kumene paipi ya petulo ndi waya wa oxygen sensor zadutsa, ndipo ndowa ya mchenga ikhale pambali. Akafuna kutenthetsa ndi gasi pafupi ndi aluminiyamu, akumbutseni kuti imasungunuka pa madigiri 660 isanafiire n'komwe. Chitsulo chimachenjeza, aluminiyamu imangogwa.

Poti mukugona pansi pa galimoto: jeke yokha si yodalira, ndipo njerwa zowotcha zimaphwanyika mosachenjeza. Ikani masitandi kapena zipika zolimba za mtengo.

China choti mudziwe pogula zatsopano. Bawuti ya M10 ya pa galimoto za ku Japan, ya sipanala 14, nthawi zambiri imakhala ya mazinga oyandikana a mamilimita 1.25, pamene za m'mahadiweya zambiri ndi 1.5. Imalowa kawiri kapena katatu n'kuyamba kulimba. Imeneyo si yake, musaikakamize.

Mayi wina wa ku Likuni akufunsa kuti: "Anyamata okonza matayala anathyola bawuti imodzi ya tayala lakutsogolo pa Vitz yanga. Akuti zitatu zotsalazo n'zokwana. Ndiziyenda?"

Ayi mayi, kupatula ulendo wopita kugalaja, pang'onopang'ono. Vitz ili ndi masitadi anayi okha pa tayala, amene inu mwawatchula kuti mabawuti, ndipo mphamvu imene inathyola imodziyo inakokanso zinzakezo. Toyota amati manati amenewa azimangidwa pa 103 Nm, zomwe pa wilo sipanala ya masentimita 30 ndi ngati kulemera kwa makilo 35. Munthu wa makilo 70 akaimapo ndi phazi wafika kale kawiri, osanena akalumikiza paipi n'kumadumpha.

Mwayi wake ngwakuti sitadi ya tayala sifunika kuboola. Ilibe mazinga kumbuyo, imangokhomeredwa mu habu. Makaniko amachotsa tayala, kalipa ndi disiki, amagogoda yothyokayo kuti igwere kuseri, amalowetsa yatsopano kuchokera kumbuyo, kenako amaikoka ndi nati pamwamba pa mawasha angapo mpaka mutu wake utakhala bwino pa habu. Muuzeni ayang'anenso zitatu zinazo, ndipo iliyonse imene nati yake sikuyenda ndi zala isinthidwe. Za Toyota ndi M12 x 1.5, za Nissan ndi M12 x 1.25, ndiye pogula ku Malangalanga tengani nati imodzi ya tayala lanulo mukayesere pomwepo musanapereke ndalama.