Voice note kwa mphwanga, za chilankhulo chake chopeka

Eya mphwanga, ndamva funso lako lija, akuti ukupeka chilankhulo cha anthu a m'nkhani ukulembayo koma mawu ake akumveka ngati ongotola, nde uyambire pati. Tamvera, usayambe ndi mawu amene anthu akowo akulankhula lero ayi, yamba ndi chilankhulo cha makolo awo, chakalekale, kenako uchikalambitse wekha.

Koyamba sankha mavawelo ndi makonsonanti, ochepa basi, usatenge chilichonse poti chikumveka chachilendo. Chilankhulo cha ku Hawaii chili ndi makonsonanti 8 okha ndi mavawelo 5 koma chili ndi kamvekedwe kakekake. Usankhenso kuti phatikizo lizikhala bwanji, kaya lizithera ndi vawelo nthawi zonse kaya konsonanti ikhoza kutseka, chifukwa kamvekedwe ka chilankhulo kagona pamenepo kuposa pa malembo.

Nde pokoma ndi apa. Katchulidwe kakamasintha sikasankha liwu, lamulo limagwira mawu onse amene ali pamalo ofanana. Jacob Grimm, katswiri wa zilankhulo wa ku Germany, analemba zimenezi mu 1822, kuti p wakale anasanduka f m'zilankhulo za gulu la Chijeremani ndi Chingerezi, nchifukwa chake Chilatini chimati pater pomwe Chingerezi chimati father, piscis ndi fish chimodzimodzi. Olo ife tomwe, timati munthu, Mzulu amati umuntu, Mswahili amati mtu, gwero limodzi koma aliyense anadutsa njira yake.

Tiye tiyese ndi mawu ongopeka pompano. Uli ndi kat ndi kata, mawu awiri osiyana. Lamulo loyamba, t akakhala pakati pa mavawelo asanduke d, nde kata akhala kada. Lachiwiri, vawelo yakumapeto igwe, watsala ndi kad, pomwe kat sanasinthe. Tsopano tembenuza, vawelo iyambe kugwa, kata angosanduka kat, t salinso pakati pa mavawelo nde lamulo lina lija silimukhudza, mawu awiri aja afanana. Waona eti? malamulo omwewo koma kungosintha loyamba ndi lachiwiri zatuluka zilankhulo ziwiri, nde uzilemba manambala, ili linayamba, ili linatsatira, osasakaniza.

Chimene chimandisangalatsa kwambiri ine ndi choti mawu osatsata lamulo aja, amene amapangitsa chilankhulo kumveka chenicheni, amabwera okha, sumawapeka. Tinene tan ndi chinthu chimodzi, zambiri ndi tani. I wakumapetoyo akoke a kuti akhale e, teni, kenako i agwe, basi uli ndi tan ndi ten ndipo wolankhula lero sangadziwe chifukwa chake. Ndi mmene foot ndi feet zinabwerera m'Chingerezi, kunali i kumapeto amene anasowa kalekale.

Koma chonde, liwu lina likatuluka loipa usalibweze pamanja poti umalikonda, lisiye choncho, kapena unene kuti linabwerekedwa kwa anthu oyandikana nawo lamulo litadutsa kale, zimenezo zimachitikadi. Mawu akachuluka pali pulogalamu yotchedwa Lexurgy, umalowetsa malamulo ndi mawu ako iyo nkukusinthira onse, koma yamba papepala kaye ndi mawu ngati 30 ndi malamulo 5 kuti dzanja lizolowere. Ukamaliza uponye pagulu pompano ndione ngati malamulowo akutsatana bwino.